Khutu la a Dizilo

"Gwirani m'mbali, osati pagalasi," anatero Kapitawo, maso ali pa amuna awiri amene ankakweza panelo m'galimoto. "Likasweka limenelo tiona zakuda tonse."

Kunali kutangocha, koma pabwalo la kampani panali kale piringupiringu. Anthu ankanyamula mapanelo a sola, mabatire, mawaya ndi makwerero, madalaivala akulizirana mahutala. Kunja kwa geti kunali khamu la ofuna ntchito, ena atavala malaya awo a kutchalitchi. Zaka zimenezo ntchito ya magetsi a dzuwa inali itaphuka ngati bowa. Sukulu, zigayo, masitolo, ngakhale wa nyumba ya chipinda chimodzi, aliyense ankafuna denga lake linyezimire. Kampani imene inayamba ndi galimoto imodzi inkalemba anthu mwezi ndi mwezi, ndipo amene dzana ankapalasa njinga yonyamula anthu, lero ankadutsa pamsika ndi chipewa cholimba kumutu, osayang'ana kumbali.

Kapitawo anali mtsikana wamfupi, wa mawu osakwera. Ntchitoyi anaiyamba ndi kunyamula makwerero, tsopano ankatsogolera gulu lakelake. Onse ankamumvera chifukwa sankakalipa pachabe, ndipo akakalipa sankabwereza. M'gulu lonselo munali munthu mmodzi yekha amene lilime la Kapitawo linkalemera akafuna kumuuza kanthu. Munthuyo anali bambo ake omubereka.

Anthu ankawatchula kuti a Dizilo. Moyo wawo wonse anakonza majenereta m'kashedi kuseri kwa msika, ndipo m'masiku awo anali munthu. Magetsi akazima, eni masitolo ankawathamangira chipewa chili m'manja. Iwo sankafulumira kutsegula injini. Ankangopendeketsa mutu, kumvetsera pang'ono, n'kunena pamene pavuta, ndipo potsegula ankapeza zili momwemo. Khutu limenelo ndi limene linamanga nyumba ndi kuphunzitsa ana. Kenaka anthu anayamba kuika mapanelo, majenereta n'kumachita dzimbiri m'makona. A Dizilo anatseka shedi, nakhala pakhonde kunyumba, ntchito kuingitsa nkhuku. Anasiya kuseka, anasiya kumeta ndevu, chakudya ankangochilawa. Kapitawo zinamudya mumtima mpaka anapita kwa manejala kukawapemphera malo. Manejala anadandaula za msinkhu wawo, koma popeza manja ankasowa, anavomera. A Dizilo anaphunzitsidwa pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana awo, ndipo sananyinyirike.

M'mawa umenewo anafika atasenza mpukutu wa waya paphewa, nsapato zikuwala.

"A Dizilo, mwasambadi lero?" anafunsa Dalaivala, mwamuna wamimba amene pakamwa pake sipankapuma. "Ine ndikumvabe kafungo ka oilo."

"Fungo limeneli ndi limene linaphunzitsa bwana wakoyu," anayankha a Dizilo, akuloza mwana wawo ndi chibwano. "Ukalimva uzivula chipewa."

Onse anaseka. Amene anaseka kwambiri anali Wamakala, mwamuna wamtali, wofatsa, amene kale ankagulitsa makala panjinga. Iye ndi a Dizilo ankagwira ntchito limodzi, wina padenga wina pansi, ndipo nthawi yopuma ankamwera tiyi m'botolo limodzi.

"Musawanyoze bambo anga," anatero Wamakala, amene ankawatchula choncho mwaulemu. "Ine ndi iwowa tinafukiza dziko utsi zaka zambiri. Pano tinabwera kudzalapa padenga."

Kapitawo anamwetulira, koma kumwetulirako sikunafike mumtima. Anali ndi nkhawa imene anaisenza kuyambira sabata imene bambo ake anayamba ntchito.

Jenereta ukaizimitsa yafa, ndipo khutu limakuuza kuti yafa. Panelo silidziwa kuzima. Dzuwa likangoliwomba, moto uli m'waya, kaya pansi wazimitsa chilichonse. Sililira, silinjenjemera, silinunkha. N'chifukwa chake lamulo la kampani linali louma: waya asanadulidwe, mapanelo aphimbidwe ndi nsalu yochindikala, ndipo amene ali pansi ayeze mawayawo ndi tesita, kachipangizo ka zingwe ziwiri koonetsa ngati muli magetsi. A Dizilo lamuloli ankalidziwa, ankatha kulilakatula ngati pemphero. Koma linali pakamwa pokha, m'manja silinalowe. Ankapita pa inveta, bokosi la pakhoma limene mawaya onse a padenga amafikirapo, kulizimitsa, kupendeketsa mutu, ndipo kaphokoso ka m'katimo kakangoleka ankati, "Zazima." Tesita inkangolemeretsa thumba la ovolosi.

Akanakhala munthu wina, Kapitawo akanamubweza kunyumba tsiku lomwelo. Koma kodi mwana amayamba bwanji kuuza bambo ake, pamaso pa anthu, kuti khutu limene linamulera latha ntchito? Choncho anapeza njira yamantha. Bambo ake akangoti zazima, iye ankati, "Tadikirani pang'ono ndioneko kanthu." Ankatuma munthu kukaphimba mapanelo, n'kuyeza yekha mwakachetechete atawatembenukira msana, kenaka n'kulola ntchito ipitirire. A Dizilo ankayesa kuti ndi khama chabe la mwana wawo, ndipo ankanyadira.

Dalaivala yekha ndi amene anazindikira. Tsiku lina ali awiri m'galimoto anati, "A Kapitawo, mukhala mukusesa m'mbuyo mwa madala mpaka liti? Tsiku lina tsache lidzachedwa."

"Inu yang'anani msewu," anayankha Kapitawo.

Kunyumba anayesa kudzera kwa amayi ake. Anawapeza akutsuka mbale kuseri, nawapempha kuti awauzeko bambo za tesita.

"Ine za mawaya ndizidziwira kuti?" anatero amayiwo. "Ndiponso wamkulu sauzidwa, mwanawe. Bambo ako angoyamba kumene kuseka m'nyumba muno. Ukufuna abwerere pakhonde paja?"

Anayesanso yekha, mozungulira, akudya chakudya chamadzulo. "Bambo, tesita yanu ija ikugwira bwino?"

"Ikadali yatsopano, mayi," anayankha a Dizilo mokondwa, pakuti mwana wawoyo ankamutcha mayi chibadwire. "Ngakhale fumbi sinalione."

Anaseka okha, amayi nawo anaseka, ndipo Kapitawo anameza chakudya chake ndi madzi.

Tsikulo ntchito inali pa sitolo ina yaikulu yogulitsa zakumwa ndi nyama yozizira. Padengapo panali kale mapanelo, ndipo mwini sitolo ankafuna kuwonjezera ena. Mawaya akale anali atadyedwa ndi makoswe, kotero ankafunika kudulidwa n'kuikapo atsopano. Pofika chakumasana dzuwa linali litakwiya, malata akuotcha ngakhale kudzera m'nsapato. Wamakala anali padenga atamanga lamba wake, a Dizilo ali pansi pafupi ndi inveta, ena akutsitsa mabatire.

Mwini sitolo anali munthu wa nkhani zosatha. Anagwira Kapitawo pamkono kuti akaone chipinda chakumbuyo kumene ankafuna kuti mabatire akakhale. Kapitawo anacheuka, naona bambo ake akupukuta thukuta. Anafuna kunena kuti pasadulidwe kanthu iye asanabwere, koma anaona kuti mawuwo awagwera iwo, poti pa invetapo anali okha. Anadziuza kuti sachedwa. Kuchipindako mwini sitolo anayamba za firiji imene inkalira usiku, za mlamu wake amene anamunamiza pogula mabatire akale, za makoswe amene sankaopa ngakhale mphaka.

Ali pakati pa nkhani ya mphakayo, Kapitawo anamva mawu a bambo ake kudzera pazenera, omveka bwino, odzidalira.

"Zazima, dulani."

Anathamanga. Anagunda makatoni, mabotolo n'kugubuduka, koma khomo linali kutali. Asanatuluke anamva kuphulika kouma, kenaka kulira kwa munthu wamkulu, kumene sikumveka kawirikawiri. Wamakala anali atadula mawaya awiri pamodzi dzuwa lili paliwombo. Moto unalumpha, kusungunula pulayala ndi golovesi, n'kumuwaula dzanja lamanja ndi tsaya. Chikhala kuti sanamange lamba, akanatsika padengapo ndi mutu.

Anamutsitsa movutikira, dzanja atalikweza m'mwamba, mano atakukuta. A Dizilo anali ataima patsinde pa makwerero, manja ali lende.

"Ndinazimitsa," ankatero, osauza munthu aliyense. "Ndinamva ndi khutu langali phokoso likuleka. Ndinazimitsa ine."

Dalaivala, amene sankasowa chonena, analiza galimoto ali duu.

Kuchipatala anamulandira msanga. A Dizilo ndi ena anabwezedwa kukasonkhanitsa zida, Kapitawo n'kutsala pabenchi yapanja. Patapita nthawi namwino anamuuza kuti moyo uli bwino, maso apulumuka, koma zala zina mwina sizidzapindikanso ngati kale. Atalowa anapeza Wamakala atagona, dzanja litakulungidwa mpaka m'chigongono.

Posakhalitsa manejala anafika, munthu wowonda wamagalasi, wosadziwa kuzungulira nkhani. Anapepesa wodwalayo, kenaka anafunsa kuti zinayenda bwanji.

Wamakala anayang'ana Kapitawo kamodzi, n'kubweza maso kudenga. "Ndinadula ndekha, bwana, osafunsa pansi. Changu chinandipweteketsa."

Kapitawo anali ataima kumiyendo kwa bedi. Anamva bodzalo likutuluka, analiona likukhazikika m'mutu mwa manejala, ndipo sanalitsutse. Anachita manyazi, koma pansi pa manyaziwo panali kampumulo, ndipo kampumuloko ndi kamene kanamunyansa koposa.

Manejala anamuitanira pakhonde. "Lamulo mukulidziwa, a Kapitawo. Wodula waya asanauzidwe kuti wayezedwa sakweranso denga lathu. Timusamalira mpaka achire, koma akachira azikaona kwina. Ndi zachisoni, komabe pageti paja anthu ndi ambiri, ndipo ntchito zatsopano zikungobwera. Mawa m'mawa mudzasankhe wina."

Atachoka manejala, Kapitawo anabwerera pabedi paja. "Mwanameranji, achimwene?"

"Ndi bambo anu aja," anayankha Wamakala motsitsa. "Kwa ine ndi bambo anganso. Ine mphamvu zikadalipo, ndibwerera ku makala. Nanga iwo abwerera kuti?"

"Ku makala ndi dzanja liti?"

Amene anafunsayo anali mkazi wa Wamakala. Anali atangolowa, mwana ali kumsana, chitenje chitamangidwa mothamanga. Anakhala m'mphepete mwa bedi, nayang'ana bandeji nthawi yaitali osaikhudza. Kenaka anatembenukira kwa Kapitawo, ndipo sanakweze mawu.

"Achemwali, ine kunalibe kumeneko, sindinganene zimene sindinaone. Koma mwamuna wanga uyu ndimamudziwa. Ngakhale buledi sadula osafunsa." Anasuntha mwana kumsanako. "Anasiya njinga, anagulitsa, akuti ntchito ya dzuwa siitha. Dzanja lapita. Ntchito ipitenso?"

"Iwe, usawavutitse abwana," anatero Wamakala.

"Sindikuwavutitsa. Ndikungofunsa."

Kapitawo anatuluka m'chipatalamo. Sanakwere basi. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, kudutsa masitolo ndi nyumba zimene madenga ake anaikapo mapanelo ndi manja ake. Masiku onse akamadutsa ankaziwerengera mumtima monyada, koma tsiku limenelo ankayang'ana pansi.

Anafika dzuwa likulowa. Bambo ake anali pakhonde, atavula ovolosi, akupaka polishi nsapato za kuntchito. Nsapatozo zinali zitawala kale, koma burashi inkangopitabe.

"Ali bwanji mnzanga?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Apulumuka, bambo. Koma zala mwina ziuma."

Burashi inaima, kenaka inayambanso. "Bwana anabwera?"

"Anabwera."

"Anamuuza chiyani?"

"Anati anadula yekha, osafunsa pansi. Bwana akuti akachira ntchito yatha."

Kapitawo anadikira. Ankawadziwa bambo ake ngati munthu amene sankalola kuti wina amunamizire ngakhale mwana wa mnansi. Ankayembekeza kuti aimirira, avale nsapatozo, apite okha kukanena, amuchotsere katunduyo pamutu. Mphindi zinapita. Nkhuku zinkalowa m'khola imodzi imodzi.

"Ndi munthu wabwino ameneyu," anatero a Dizilo potsiriza. "Mulungu amuchize. Mawa tilawirire, tikamalize denga lija."

Burashi inawagwa m'manja. Kapitawo anaona kuti bambo ake akuchita mantha. Sankaopa manejala, sankaopa moto wa m'waya. Ankaopa mpando umene anakhalapowo, ndi masiku aatali a pakhonde amene ankawadikira. Anawamvera chisoni chachikulu, ndipo anawakwiyiranso, zonse nthawi imodzi.

Kukhitchini amayi ake anali atamva zonse. Anatseka chitseko, nalankhula chapansipansi. "Tsoka silinunkha, mwananga. Zachitika zachitika, madzi akatayika saoleka. Mwini wake wasankha kusenza, iwe ukufuna kumulanda chifukwa chiyani?"

"Amayi, ine ndinkadziwa. Miyezi yonseyi ndinkadziwa kuti sayeza."

"Ndiye ukapereke bambo ako?"

"Akakweranso mawa, adzanenanso kuti zazima. Wina adzadula."

Amayiwo anapukuta mphika umene unali wouma kale. "Mapanga awiri avumbwitsa," anatero. "Kuntchito ndiwe kapitawo, ndamva. Koma dziwa kuti m'nyumba muno mulibe kapitawo. Ukachita zimene ukuganizazo, madzulo udzalowa pakhomo lomweli, udzakhala nawo patebulo lomweli."

Kapitawo sanadye. M'mawa anadzuka bambo ake akusamba, natuluka osamwa tiyi.

Manejala anali atafika kale mu ofesi mwake. Kapitawo anakana mpando. Anafotokoza zonse ataimirira: amene ananena kuti zazima, tesita imene sinkatuluka m'thumba, ndi mmene iye ankayezera m'mbuyo mwawo mobisa.

Manejala anavula magalasi, natikita maso. "Ndiye inu munkadziwa, n'kumawasiya pansi pa munthu amene ali padenga?"

"Ndinkadziwa, bwana."

"Zanu tikambirana madzulo, ndipo sizikhala zokoma. Wamakala malo ake akhalapo, ngati kukwera kudzamukanika tidzamuika kosungira katundu. Koma za madalawo palibe zokambirana." Anavalanso magalasi. "Mukawauza ndinu, kapena ndituluke ndine?"

"Ndikawauza ndine."

Panja galimoto inali itapakiridwa kale. A Dizilo anali atakwera kumbuyo, atakhala pa bokosi la zida, chipewa chili kumutu, lamba ali m'chiuno. Anamuona mwana wawo akutuluka mu ofesi ya manejala, ndipo anatembenuzira nkhope kumbali.

Kapitawo anafika pafupi, nalankhula motsitsa. "Bambo, tabwerani tikambirane pambali."

"Tikakambirana pofika, mayi. Nthawi yatha."

"Bambo, chonde."

"Dalaivala, liza galimoto, dzuwa likutisiya."

Dalaivala sanakhudze kiyi. Amuna amene anali kumbuyoko anasiya kucheza. Ngakhale ofuna ntchito a pageti, amene amanunkhiza malo otseguka ali patali, anayandikira kuzitsulo n'kumasuzumira. Moyo wake wonse Kapitawo anali asanawalamulepo bambo ake ngakhale kuti asunthe mwendo.

"Bambo, tsikani m'galimoto."

Mawuwo anamveka bwalo lonse. A Dizilo anatembenuka pang'onopang'ono, namuyang'ana kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo.

"Ukundiuza ngati mwana wanga, kapena ngati bwana?"

"Mwana wanu analephera kukuuzani, bambo. N'chifukwa chake Wamakala ali m'chipatala."

A Dizilo anaimirira. Mmodzi wa anyamata anatambasula dzanja kuti awathandize, koma analikana, natsika okha chammbuyo, phazi likufufuza popondera. Anavula chipewa, namasula lamba, naziika bwinobwino pamphepete pa galimoto. Opanda chipewacho anaoneka okalamba, imvi zili mbuu, mutu waung'ono. Anayandikira mwana wawo kuti ena asamve.

"Unaona liti kuti ndikulakwitsa?"

"Sabata yoyamba."

A Dizilo anagwedeza mutu kangapo. "Ukanandiuza tili awiri, mayi. Ndikanakalipa, inde. Mwina sindikanakulankhula masiku angapo. Koma mnzanga uja akanakhala ndi zala zake."

Zinali zoona. A Dizilo anadutsa pakati pa bwalo, anthu a pageti n'kuwapatukira, ndipo anatuluka osacheuka.

Ntchito siidikira maliro a munthu wamoyo. Kapitawo anakwera kutsogolo, galimoto n'kunyamuka. Atangokhota pamsewu waukulu anawaona bambo ake akuyenda m'mphepete, manja ali kumbuyo. Dalaivala anachepetsa liwiro osafunsa, natsitsa galasi.

"Madala, kwerani tikusiyeni kunyumba."

"Sindikupita kunyumba," anayankha a Dizilo, akuyang'ana Dalaivala yekha, ngati pampando winawo panalibe munthu. "Ndikukaona munthu amene ndinamuotcha. Pitani, mukuchedwa."

Dalaivala anayang'ana Kapitawo, Kapitawo n'kugwedeza mutu kuti apitirire. Ankadziwa kuti wachita zoyenera, ndipo kudziwako sikunamuchepetsere ululu ngakhale pang'ono. Analira njira yonse, mosabisa, Dalaivala maso ali pamsewu. Atafika pa sitolo paja anapukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi, natsika, n'kuuza anyamata kuti ayambe ndi kuphimba mapanelo.